Mwana wa woimba lipenga wa ku Danbury

Lolemba, ku Norwalk

Mwana wanga wandifunsa katatu lero ngati ndatsimikizadi. "Adadi, anthu akabwera kuno amafuna kuona Times Square ndi chiboliboli chija cha pamadzi. Inu ndiye mukufuna kukaona nyumba ya munthu amene anamwalira mu 1954?" Ndamuuza kuti chiboliboli sichithawa.

Kwa amene simundidziwa, ndakhala ndikuphunzitsa kwaya ndi kuliza limba pampingo wathu ku Zomba kwa zaka 26. Nyimbo ndinaphunzira ndi solofa ya pabolodi, manotsi enieni ndinachita kudziphunzitsa ndekha ndili wamkulu kale. Kuno ku Connecticut, m'dziko la America, ndabwera kudzaona mdzukulu, ndipo pa masabata asanu amene ndikhale kuno, imodzi ndaipatulira Charles Ives, wopeka nyimbo wa kuno.

Munthuyu ndinamudziwa mwangozi. Mnyamata wina wa besi m'kwaya yathu ananditumizira nyimbo pa WhatsApp, pansi pake atalemba kuti, "Aphunzitsi, tamvani misala iyi." Inali Putnam's Camp. Ndinaganiza kuti foni yatsegula nyimbo ziwiri nthawi imodzi, ndiye ndinazimitsa n'kuyatsanso. Zomwezo. Nditamvera kachitatu ndinakumbukira Loweruka lina kalekale, ndikukankha njinga pamsewu. Lole ya amayi a Mvano inkachokera kumaliro akuimba, ndipo chapatali bandi ya apolisi inkayeserera perete. Kwa mphindi imodzi nyimbo ziwirizo zinalowana, ina yolira, ina yonyada, iliyonse pa kiyi yakeyake, ine ndili pakati. Ndinaima chilili mpaka lole inakhota. Sindinauzepo munthu kuti zinandikomera, chifukwa mphunzitsi wa kwaya sayenera kukomedwa ndi chisokonezo. Ndiye kudzapeza kuti kunali mzungu wina amene anamva zotere ali mwana, n'kudzazilemba papepala dala.

Mawa ndiyamba ndi kumene anabadwira.

Lachiwiri, ku Danbury

Sitima ya ku Danbury imapatuka pa South Norwalk n'kuyenda pafupifupi ola limodzi m'nkhalango, kudutsa Wilton, Redding ndi Bethel. Mitengo yonse yafiira, ina yachita chikasu. Kwathu mwezi uno wa Okutobala nyenje zikulira, dzuwa likuswa mtengo, koma ine ndavala majuzi awiri ndi chipewa cha mpongozi.

Zipewa ndi zimene zinatukula Danbury, mpaka anthu amangoutcha mzindawu Hat City. Popanga zipewazo ankagwiritsa ntchito mankhwala a mercury, ndipo antchito ambiri ankadwala matenda onjenjemera amene anafika popatsidwa dzina la mzindawu. Mafakitale aja anatha. Lero mu Main Street mukumveka Chipwitikizi ndi Chisipanishi, chifukwa kwadzaza anthu a ku Brazil ndi ku Ecuador. Masana ndadya mpunga wa nyemba m'kalesitilanti kena ka anthu a ku Brazil, ndipo m'golosale yoyandikana nayo ndaona chinangwa chili mbwee. Mtima unakhala pansi.

Nyumba imene Ives anabadwiramo pa 20 Okutobala 1874 ndi yamatabwa, yoyera, yosanja. Poyamba inali mu Main Street momwemo, koma anaisuntha kawiri ndipo pano ili mu Mountainville Avenue. Kusuntha nyumba yathunthu ngati nkhokwe! Ndinangofika osapangana ndi aliyense, choncho ndaionera panja. Ndazungulira kawiri, ndakhala pakhonde pang'ono, galu wa munthu wodutsa wandiuwa.

Nkhani ya Charles siyambira pa iye koma pa bambo ake, George Edward Ives, amene anabadwa mu 1845. Banja la a Ives linali la anthu olemekezeka mumzindawu, amalonda ndi amabanki. Agogo ake a Charles anali m'gulu la amene anayambitsa Danbury Savings Bank. George yekha ndi amene anapatuka. Anakaphunzira nyimbo ku New York kwa Mjeremani wina dzina lake Carl Foeppl, ndipo ali ndi zaka 17 zokha anatsogolera bandi ya asilikali a First Connecticut Heavy Artillery pankhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. Atabwerako anakhala woimba wa mzinda wonse. Pa perete ndi iye, kutchalitchi ndi iye, kuholo ya zisudzo ndi iye, ana ofuna kuphunzira lipenga kapena vayolini amapita kwa iye. Anthu ankakonda nyimbo zake koma sankamuwerengera. Zaka zake zomaliza anakalembedwa ukalaliki kubanki ija.

Apa palibe chondidabwitsa. Paukwati amakuitana, kukuyamikira pamaikolofoni, kukupatsa mpunga ndi Fanta. Koma pita ukafunsire mbeta pakhomo pomwepo, ankhoswe akufunsa, "Nanga ntchito yeniyeni mumagwira kuti?" Charles ankaziona zimenezi. Akuti munthu akamufunsa kuti amaimba chiyani, iye ankayankha kuti "shortstop", amene ndi malo a wosewera mpira wa baseball. M'Chingerezi mawu a kuimba chida ndi kusewera mpira ndi amodzi, ndiye mwana ankabisalamo. Ankachita manyazi kudziwika kuti ndi woimba.

Pobwerera kusiteshoni ndadutsa pa Danbury Museum, pamene akusunga kanyumba kamene Marian Anderson ankayesereramo nyimbo. Mayi wakuda uyu, amene anaimba pa Lincoln Memorial mu 1939 atamukaniza holo chifukwa cha khungu lake, anakhala ku Danbury zaka zambiri. Ameneyo ndi wa ulendo wina.

Lachitatu, pakhomo

Lero sindinachoke. Mawondo akana, komanso ndimafuna kuyesa chinthu.

Ives analemba kuti ali mwana bambo ake ankamuimbitsa nyimbo ya Stephen Foster yonena za mtsinje wa Swanee pa kiyi ya E flat, iwo akuliza piyano pa kiyi ya C. Cholinga chinali kutambasula makutu, kuti khutu lisamangotsata zimene linazolowera. Ndakhala ndikuwerenga zimenezi kwa zaka koma sindinayesepo, chifukwa kwathu ndikanati ndiyese ndi ana a Sande sukulu, akulu a mpingo akanandiitana.

Mdzukulu wanga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo ali ndi kakiyibodi kamabatire. Atabwera kusukulu ndinamuuza kuti aimbe kanyimbo kena kamene amakadziwa bwino. Ndinamupatsa doh wake pa F, kenako ine n'kuyamba kuliza pa C. Mzere woyamba usanathe anali atatsetserekera kale pa kiyi yanga, ngati madzi otsata ngalande. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anatseka khutu limodzi ndi chala, ndinamuuza kuti kumeneko n'kuba. Kachinayi tinangoseka. Kachisanu anatsinzina, nsidze zitakumana, mapewa atakwera, zala za kumapazi zikukanda kapeti, ndipo anagwira kiyi yake mpaka kumapeto. Atatsegula maso anati, "Agogo, zikuyabwa m'mutu." Anayankhula Chichewa osazindikira.

Kenako tinasinthana, iye kuliza, ine kuimba. Zaka 26 za ukatswiri zinathera pa mzere wachiwiri. Ndinayesa kasanu ndi kawiri osatheka. Khutu langa laphunzitsidwa kumvera, ndipo limamveradi.

Mayi ake amagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndiye masana amagona. Anatsegula chitseko, maso ali psuu. "Adadi, ndikupempheni ndithu." Tinazimitsa.

Zoyesayesa za George sizinathere apo. Anamanga zingwe 24 za vayolini pabokosi n'kuzikoka ndi zolemera zosiyanasiyana, kufuna kupeza mawu amene amakhala pakati pa makiyi awiri oyandikana a piyano. Tsiku lina kukugwa chimvula anaima panja kumvetsera belu la tchalitchi, n'kumathamangira m'nyumba kukafunafuna mawuwo papiyano, osawapeza, n'kutulukanso. Ankagawa bandi pawiri, magulu n'kumayenda moyang'anizana akuimba nyimbo zosiyana, kuti amve chimene chichitike akamakumana ndi akamatalikirana. Charles naye ankaimba ng'oma m'bandimo ali ndi zaka 12, ndipo poyeserera kunyumba ankamenya piyano ndi zibakera kuti imveke ngati ng'oma.

Za mawu a pakati pa makiyi zija zandikhudza. Bangwe, kaligo ndi mangolongondo athu sizichunidwa potsata piyano. Agogo anga akamaimba pamtondo panali mawu ena amene palimba palibe. Ine ndakhala moyo wanga wonse ndikuwatcha mawu amenewo kuphonya.

Koma pali mbali imene okonda nkhaniyi amaidumpha. George yemweyo anaphunzitsa mwana wake nyimbo za Bach, malamulo olumikizira mawu anayi, ndi kayendetsedwe ka mizere ingapo ya nyimbo nthawi imodzi, ndipo sankalola chibwana. Ankamulola kuswa lamulo pokhapokha ataonetsa kuti akhoza kulisunga. Ndionjezenso kuti pafupifupi nkhani zonsezi tinazimva kwa Charles yekha, ndipo anazilemba m'zaka za m'ma 1930, bambo ake atagona m'manda zaka pafupifupi 40. Mu 1987 katswiri wina, Maynard Solomon, anakayikira ngakhale zaka zimene Ives ankati analemba nyimbo zake zina, ndipo mkangano wake unatenga nthawi. Ine sindikuti ananama. Koma mwana wamasiye akamasimba za bambo ake, mbuzi ziwiri zimasanduka khola.

Lachinayi, ku Redding

Mwana wanga anali pa ofu, ndiye anatiyendetsa pagalimoto. Tinayamba ndi Putnam Memorial State Park, malo amene asilikali a General Israel Putnam anakhala m'nyengo yozizira ya 1778 mpaka 1779, pankhondo yomenyera ufulu kwa Angerezi. Chimene chatsala ndi milu ya miyala yondandalikana, pamene panali moto wa tinyumba tawo. Apa ndi pamene panachokera dzina la nyimbo imene inandipusitsa pafoni ija. Ndinaika zomvera m'makutu n'kuimvera ndikuyenda pakati pa miluyo, masamba akulira pansi pa nsapato. Mdzukulu anatola ndodo n'kuyamba kuguba.

Ku Redding kuno ndi kumenenso kunkachitikira misonkhano ya chitsitsimutso ya panja, yofanana ndi misasa yathu, anthu kugona komweko masiku angapo. George Ives ankatsogolera nyimbo ndi lipenga lake, khamu la alimi likuimba ndi mtima wonse, ndipo chidwi chikakula kiyi inkakwera yokha. Iye sankawabweza. Lipenga lake linali ndi kachitsulo kotsetsereka kuti azikwera nawo limodzi.

Pamisonkhanoyo pankabwera mmisiri wa miyala dzina lake John Bell, amene ankaimba mokuwa komanso mophonya. Mnyamata wina wophunzira nyimbo anafunsa George kuti amapirira bwanji phokoso lotere. George anayankha kuti amuyang'ane nkhope munthuyo, ndipo asalabadire kwambiri kamvekedwe ka mawu, chifukwa akatero nyimbo yeniyeniyo imudutsa.

Ndinakhala pabenchi nthawi yaitali, mpaka mwana wanga anabwera. "Adadi, mwatopa?" Ndinamufunsa ngati akuwakumbukira amayi aja ankakhala kutsogolo kwa aluto, ovala duku yobiriwira nthawi zonse. Anati eya, aja ankagulitsa zitumbuwa pageti ya sukulu.

Mayi amenewo analowa kwaya ine ndisanabwere. Mawu awo anali aakulu, okhakhala, ndipo pa fa aliyense ankakwera pang'ono, osafika pa fe, penapake pakati. Pamaliro ndi iwo ankayambitsa nyimbo usiku wonse, ndipo ndi iwo ankachititsa anamfedwa kulira kenako kutonthola. Chaka china tinkakonzekera mpikisano wa makwaya. Ndinayamba ndi kuwasunthira kumbuyo. Kenako ndinawapempha kuti azitsitsa mawu. Sabata yomaliza ndinawatengera pambali n'kuwauza kuti pa tsikulo azingoyendetsa milomo. Anandiyang'ana, anati, "Chabwino, aphunzitsi," n'kukonza duku yawo. Pa tsiku la mpikisano anabwera, anavala yunifolomu, anayendetsa milomo. Tinakhala nambala 2. Kuyambira pamenepo kukwaya sanabwerenso, ngakhale kutchalitchi sankajomba. Pamaliro awo tinaimba bwino kwambiri, fa aliyense pamalo pake, ndipo ndinamva mayi wina kumbuyo akunong'oneza mnzake kuti nyimbo zake zazizira.

Mwana wanga sananene kanthu. Anangondipatsa tiyi wa m'fulasiki.

Simfone (nyimbo yaitali ya zida zambiri) yachitatu ya Ives, imene anaitcha The Camp Meeting, inamangidwa pa nyimbo za misonkhano imeneyi. Inapata mphoto ya Pulitzer mu 1947, patatha zaka zoposa 30 ailembe, ndipo ndalama zake anangogawira ena.

Lachisanu, ku Brewster

Mvula tsiku lonse. Tinangodutsa pagalimoto mpaka ku Brewster, katauni ka m'boma la New York, kosatalikira kuchokera ku Danbury.

Ali ndi zaka 13 Charles analemba kanyimbo ka perete kotchedwa Holiday Quickstep, ndipo gulu la bambo ake linakaimba pagulu. Mu 1889, ali ndi zaka 14, analembedwa ntchito yolipidwa yoliza limba ku Second Congregational Church, kenako anasamukira kwa a Baptist. Limba lake si la magetsi ngati lathu, koma la mipope, loliza ndi manja ndi mapazi omwe. Ku Brewster kuno, m'tchalitchi cha Methodist, ndi kumene anakaimba Variations on "America", imene analemba ali ndi zaka 17. Anatenga nyimbo yokonda dziko n'kuitembenuza kangapo, pena ngati ya perete, pena ngati ya gule, ndipo pakati anaikamo timagawo tolira pa makiyi awiri nthawi imodzi. Akuti bambo ake, omwe aja otambasula makutu, anamuletsa kuliza timagawo timeneti m'tchalitchi chifukwa anyamata ankaseka.

Chuni cha nyimboyi n'chimodzi ndi cha God Save the King, imene malemu bambo anga ankaimbitsidwa kusukulu nthawi ya Nyasaland, 1964 isanafike. Ankaiimba akamaseka za masiku amenewo, akuguba ndi khasu paphewa. Akanamva mmene mnyamata wa ku Danbury anaipotozera akanagwa nacho chiseko.

Taona tchalitchi kudzera pagalasi lonyowa, tagula khofi, tabwerera.

Loweruka, ku New Haven

Ndinabwera kuno ndili ndi mlandu ndi munthu, Horatio Parker. M'nkhani za Ives, Parker ndi mphunzitsi wouma mutu amene sanamvetse mwana wanzeru. Ndinkafuna kuima pamene anaphunzitsira n'kumudzudzula mumtima.

Ives anafika ku New Haven mu 1893. Kusukulu sankakhoza bwino, ndiye anayamba walowa Hopkins Grammar School kuti akonzekere mayeso olowera ku yunivesite ya Yale. Kumeneko anatchuka ndi baseball, ndipo iye akuponya mpira, timu yawo inagonjetsa ya ophunzira a chaka choyamba a ku Yale. Lamlungu ankaliza limba ku St. Thomas Episcopal Church. Analowa Yale mu Seputembala 1894. Pa 4 Novembala chaka chomwecho bambo ake anamwalira mwadzidzidzi ndi sitiroko, ali ndi zaka 49. Charles anali atangokwanitsa zaka 20.

Ndaima patsogolo pa Connecticut Hall, nyumba yanjerwa ya m'ma 1750, yakale kuposa zonse za pa Yale. Nthawi imeneyo ankaitcha South Middle, ndipo Ives ankagona mmenemo. Gulu la alendo linali likujambula chiboliboli cha Nathan Hale pambali pake. Ine ndinkangoyang'ana mawindo, ndikuganiza za mnyamata amene wabwera kumaliro a munthu yekhayo amene ankamvetsa nyimbo zake, n'kulowa m'kalasi ya munthu wachilendo.

Parker naye anali atangofika pa Yale chaka chomwecho. Anabadwa mu 1863, choncho ankasiyana ndi wophunzira wakeyo zaka 11 zokha. Anaphunzira ku Munich kwa Josef Rheinberger, ndipo nyimbo yake yaikulu ya kwaya, Hora Novissima, inali itangomutchukitsa mu 1893. Ives atamuonetsa nyimbo zoyenda pa makiyi angapo nthawi imodzi, Parker anazitenga ngati nthabwala, ndipo akuti anamuuza kuti asamadye makiyi onse pa chakudya chimodzi. Anamubwezera ku zoyambirira zimene bambo ake anamuphunzitsa kale. Ankapatsa ophunzira ndakatulo za Chijeremani zimene Brahms ndi Schumann anaziikira kale nyimbo, kuti nawo ayese n'kudziyerekeza. Simfone yoyamba ya Ives, ya pa D minor, inali ntchito yake yomalizira maphunziro, ndipo Parker anamulembetsanso gawo loyamba chifukwa linkangodumphadumpha makiyi.

Ndinakhala pabenchi pa Green, bwalo lalikulu la pakati pa mzinda, ndikudya pitsa yopyapyala yopserera m'mbali imene anthu a kuno amainyadira, n'kumvera simfone imeneyi yonse. Mlandu wanga unayamba kusungunuka. Nyimbo ya mphindi pafupifupi 40, ya zida zambirimbiri, yoyamba bwino, yoyenda osasochera, yofika kumene imapita. George Ives sanalembepo chinthu chotere ndipo sakanatha kuphunzitsa mwana wake kuchilemba. Anali munthu wa bandi, wa nyimbo za mphindi zitatu. Kumanga nyumba yaikulu ya nyimbo, kudziwa kuti vayolini apume pati, malipenga alowe pati, zimenezo Ives anazitenga kwa Parker. Chisokonezo cha mu Putnam's Camp si chisokonezo cha munthu wosadziwa. Bandi iliyonse mmenemo ili ndi malo ake papepala, ndipo zimakumana pamene mwini wake anafuna. Popanda zaka zinayi zotopetsa zija, Ives akanakhala munthu wosimba nkhani zosangalatsa za bambo ake, basi.

Mwina ndikumuikira kumbuyo Parker chifukwa ndi mnzanga. Ntchito yake ndi yanga: kubweza ana ku doh, kuwakaniza zimene akufuna, kudedwa. Ives mwiniwake, ngakhale ankadandaula, ananena kuti ankamulemekeza. Koma Lachinayi ndinali pabenchi ina ndikuganiza za duku yobiriwira, ndipo sindikudziwa kuti mabenchi awiriwa ndiwagwirizanitsa bwanji. Parker anabweza pepala kuti likalembedwenso. Ine ndinabweza munthu.

Pa maphunziro ena onse Ives ankangopulumukira pamzere, magiredi ake ankazungulira pa D. Anzake ankamukonda, ankawalembera nyimbo za masewero awo, ndipo usiku ankapita kuholo ya zisudzo ya Poli kukamvera ndi kuliza piyano ya ragtime, nyimbo za anthu akuda zimene zinali zitangoyamba kufala. Zimenezo Parker sankaphunzitsa.

Lamlungu, ku Center Church

Ndabwereranso ku New Haven ndekha pasitima kuti ndikapemphere kumene Ives analiza limba zaka zake zonse zinayi za pa Yale, 1894 mpaka 1898. Pa Green pali matchalitchi atatu ondondozana, ndipo Center Church ndi chapakati. Anachimanga pamwamba pa manda akale, moti pansi pake pali chipinda chimene miyala ya pamanda idakali chiimire.

Anthu anali ochepa, ambiri achikulire. Amaimba motsitsa, aliyense maso pabuku, limba n'kumawanyamula. Nyimbo yachiwiri chuni chake ndinachidziwa, chili m'buku lathu la nyimbo, ndiye ndinaimba besi m'Chichewa chapansipansi. Mayi wa patsogolo panga anacheuka n'kumwetulira. Nyimbo zambiri zimene Ives anakulira nazo ndi zomwezi zimene amishoni anatibweretsera, n'chifukwa chake ndikamamvera masimfone ake ndimangozindikira ndikung'ung'udza mawu a kwathu.

Mtsogoleri wa kwaya pano nthawi imeneyo anali John Cornelius Griggs. Anthu akadandaula kuti mnyamata wa palimba akuika mawu achilendo m'nyimbo, Griggs ankamuteteza, ndipo akuti ananena kuti Mulungu ayenera kuti amatopa kumva zomwezomwezo nthawi zonse. Ives analemba kuti bambo ake atamwalira ankafunafuna munthu woti atseke dzenje limene linatsala, ndipo amene anayesako anali Griggs. Dzina lake silitchulidwa kawirikawiri. Sanamuphunzitse zambiri, anangomusiyira mpata Lamlungu lililonse.

Titaweruka ndinapita pafupi ndi limba. Si lomwe lija la nthawi ya Ives. Sindinapemphe kuligwira.

Lolemba, ku Danbury kachiwiri

Tamalizira ku Wooster Cemetery, kumene George ndi Charles anaikidwa. Tinasochera kaye pakati pa mizere ya manda, mdzukulu akuwerenga maina mokweza, mpaka tinapeza malo a banja la a Ives. Palibe chodabwitsa. Charles wagona pamodzi ndi mkazi wake Harmony Twichell, amene anakwatirana naye mu 1908. Ndinavula chipewa cha mpongozi chija, mphepo n'kundilasa m'makutu, ndinachivalanso msanga.

Tili m'galimoto mwana wanga anafunsa kuti atamaliza Yale anakaimba kuti. Ndinamufotokozera kuti mu 1898 anapita ku New York n'kukalembedwa ukalaliki ku Mutual Life Insurance Company, malipiro madola 5 pa sabata. Limba la Lamlungu analiza mpaka 1902, kenako anasiya. Mu 1907 anatsegula bizinesi ya inshuwalansi ndi mnzake Julian Myrick, ndipo inakula mpaka kukhala imodzi mwa zikuluzikulu m'dziko muno. Nyimbo ankalemba usiku ndi kumapeto a sabata, n'kumaziunjika, zambiri osazimva zikuimbidwa kwa zaka makumi. Ankati sankafuna kuti ana ake adzagone ndi njala chifukwa cha mawu ake osagwirizanawo.

Anayendetsa kaye osayankha, kenako anaseka. "Ndiye kuti nayenso anakapeza ntchito yeniyeni, Adadi."

Kumbuyo mdzukulu anali atayamba kale kuimba pa F, akudikira kuti ndilowe pa C. Mawa akuti tikaone chiboliboli.